Chikupizo cha abambo chabwerera pakhomo

Amayi, kaya muli bwanji kumene muliko?

Ndine Elube wanu. Papita nthawi ndisanakuuzeni za kuno, koma musaganize kuti ndinakuiwalani. Nkhani zinalipo, kungoti zinali zoti mukazimva mukanangodandaula pachabe. Tsopano ndili nayo imene ndakhala ndikuidikira chichokereni kumanda tsiku lija tinakuikani. Ndiyambe ndi zapakhomo, poti inu simunkakondwa ndi munthu wolowa m'nyumba ndi mlandu asanafunse za ana.

Muli ndi mdzukulu wina wamkazi. Anabadwa nthawi yomweta tirigu, ndipo tinamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu, koma mtima ndi wanga. Akafuna bere salira ngati ana a anthu, amangondiyang'anitsitsa ngati ndamubera kanthu. Mkulu wake uja munamusiya akukwawa tsopano amapita yekha kuchitsime ndi kachikho, n'kubwera atanyowa thupi lonse, madzi m'chikho mulibe. Bambo awo ali bwino, akadali ofatsa monga munawadziwira, mkamwini woopa ngakhale kutsokomola pamudzi pa eni ake. Kachewere anachita bwino kudimba lakumunsi. Mtengo umodzi wa manachesi anu unauma, ina ija ikubereka mpaka nthambi kuthyoka. Alangizi a boma ndiye atikhalira pakhosi ndi milambala yawo, ati tizikumba mopingasa phiri, wokana amutengera kubwalo la milandu. Timakumba, pakamwa pali ng'ung'udzu.

Tsopano za alongo anu, a Lameki. Ndikudziwa mwayamba kale kunena kuti, "Elube, muleke, Lameki ndi wa bere limodzi ndi ine." Mawu amenewo munanditseka nawo pakamwa muli moyo, ndipo ndinamvera. Lero mundilole ndimalize.

Chikupizo cha abambo simungachiiwale. Nzeru yake anabwera nayo kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito pa famu ya mzungu, pamodzi ndi dainamo ya lole yakufa ndi batire lolemera limene linawatupitsa khosi pokwera nalo phiri. Anasema mapiko awiri a mkungudza, anadula mchira wa lata, analumikiza ndi tcheni cha njinga, n'kuchikweza pamwamba pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa nkhokwe. Mphepo ya paphiri pathu pano ikawomba, mapiko ankazungulira, moto n'kumatsikira m'batire, madzulo kababu kamodzi n'kuyaka m'nyumba mwathu. Nyumba ya udzu, koma ya magetsi. Ine ndi amene ndinkawagwirira makwerero akamathira mafuta, ndipo anandiphunzitsa kukoka chingwe chopinda mchira mwera ukakula. Anthu akabwera kudzaona, abambo ankangomwetulira osafotokoza kanthu, inu n'kumaseka kuti, "Bambo akowa manja ali nawo, koma pakamwa anaiwala ku Halale."

Munalipo tsiku lija a Lameki anabwera kudzachipempha. Anati chimene mkamwini wamanga pa dothi la eni ndi cha eni, ndipo sikoyenera kuti nyumba ya mkamwini iziwala, ya mwinimbumba ili mumdima. Abambo anayankha mwaulemu kuti dainamo ndi imodzi, akadzapeza ina adzawapangira chawo. A Lameki anaseka, anamwa thobwa lanu mpaka kugwedeza chikho, n'kumapita.

Kenaka chinafika chaka cha njala. Mvula inagwa pang'ono, tinadzala, n'kudula. Chimanga chinapsa chili m'mawondo. Anthu ankafuna wina woti amuloze chala, ndipo alongo anu anawapezera. Anaima pabwalo pathu, mudzi wonse uli pomwepo, n'kunena kuti, "Taonani kumene chayang'ana chinthuchi. Mitambo ikangosuzumira kuphiri uko, icho chimatembenukira komweko n'kuyamba kuikupiza. Nanga mvula ifika bwanji?" Ndipo anthu atakweza maso anaona kuti chayang'anadi kumitambo. Chikanayang'ana kuti, poti mphepo imene imabweretsa mitambo ndi yomweyo imatembenuza mchira? Abambo anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo, koma mkamwini sayankha mwinimbumba pa anthu, ndiye anatsekanso. Mtengo unadulidwa. Chitagwa pansi, a Nachisale, amene munda wawo unali utaumiratu, anathamangira ndi khasu n'kuitema dainamo pambali. A Lameki anatola dainamo ndi batire n'kuika m'thumba, ati akataya padziwe lakuya kuti zisadzaonekenso.

Mvula sinabwerebe. A Lameki anati chinali chitaithamangitsa kale kutali. Njala italowa m'nyumba, a Nachisale anaika ana awiri mwezi umodzi, ndipo kuyambira pamenepo akakumana ndi abambo panjira ankalavula pansi. Inu munkapatsa ife ndi mdzukulu wanu chakudya chanu n'kumanama kuti mwadya kale, mpaka miyendo inatupa. Zimenezi mukuzidziwa kuposa ine.

Zimene simunazione ndi za tsiku lometa. Anthu asanabalalike, a Lameki anawasudzula abambo pomwepo. Ndinagwada pamaso pawo, ndinati, "Amalume, aleke akhale ndi ife. Ena amatsala ndi ana awo, nanga kwawo akapezako ndani?" Anandiyang'ana ngati kamwana kotaya mchere, n'kuti, "Tisunge munthu amene watiphera mbumba?" Abambo anatenga bulangete ndi kasemasema wawo, anandigwira paphewa, n'kutsetsereka kupita kwawo ku Lisungwi. Ndinawaperekeza mpaka pamtsinje. Tsiku limenelo ndinadana nawo alongo anu, Amayi, ndipo chidani chimenecho sichinandichokepo ngakhale pa mgonero kutchalitchi. Ndinalumbira kuti dzina la abambo lidzayeretsedwa ndi pakamwa pomwepo pamene panalidetsa, ndipo adzabwerera kudzakhala pafupi ndi manda anu.

Njala inatha, anthu ananenepa, nkhani inaiwalika. A Lameki anagula makina osokera n'kukhala telala pakhonde pawo. Patapita zaka ziwiri anapita ku Blantyre n'kubwera ndi wayilesi. Sabata yomweyo tinangoona mtengo wa bulugamu waima kuseri kwa nyumba yawo, pamwamba pali mapiko opakidwa penti wofiira. Ati ichi ndi china, cha azungu, chogula m'sitolo, sichikhudzana ndi mitambo. Anthu anavomera msanga, poti aliyense ankafuna kumva nyimbo za ku Lusaka ndi nkhani za Chitaganya. Pakhonde pawo panayamba kudzaza, wobwera kudzamvera wayilesi n'kubweranso ndi nsalu yoti asoketse.

Ine ndinachizindikira ndi makutu ndisanachione bwino. Dainamo ya abambo ija kuyambira kale inali ndi kakulira kake, kokhala ngati munthu wa chifuwa. Ndinali kusinja pamtondo, mphepo n'kundibweretsera kulira kumeneko. Ndinasiya munsi kuti ndipite komweko. Bambo a ana anandigwira dzanja n'kundichonderera kuti, "Mayi, chonde, ine ndine mlendo pano. Mukayambitsa, wopita ndine." Ndinawamvera chisoni, ndinakhala chete. Tsiku lililonse ndinkadutsa pakhomo pa amalume, kugwada, kupereka moni, kufunsa ngati agona bwino, pamwamba pa mutu wanga chikupizo cha abambo chikutsokomola.

Chaka chino mvula inachitanso zake zija. Inagwa kamodzi, tinadzala, n'kusowa. Disembala anafika pakati dzuwa lili ng'a, mbewu zikufota m'mizere, ndipo anthu anayamba kuyankhula motsitsa mawu ngati kale lija. Tsiku lina m'mawa tili kuchitsime, a Nachisale anayang'ana kumwamba n'kuusa moyo, amvekere, "Kodi tabwereranso komwe kuja, eti?" Ine ndinatula mtsuko, ndinati, "Kaya. Chaka chija amalume anatiphunzitsa chimene chimathamangitsa mitambo. Chaka chino ine sindikudziwa." Basi, ndinangotembenuza mutu. Kuchokera pachitsime mapiko ofiira aja amaoneka bwinobwino, ndipo m'mawa umenewo anali atayang'ana kuphiri, kumene kunali kamtambo kamodzi. Sindinanamize munthu, Amayi. Ndinangobweza mawu kwa mwini wake, ndipo ndikanati ndibadwenso ndikanachitanso.

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira midzi itatu. Mawa lake pakhonde pa telala panalibe munthu, ena anatuma ana kukatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Ndiye alongo anu anabwera kwanga, koyamba kulowa m'nyumba muno chimwalirireni inu. Anakhala pampando wa abambo, chipewa chili pabondo, n'kuyamba, "Mwana wa mlongo wanga, iwe unkathandiza bambo ako, ukudziwa mmene chinthuchi chimayendera. Ukawauze anthuwa kuti sichigwira mvula. Iwe akumvera."

Ndinafuna kuwayankha pomwepo ndili chiimire. Koma ndinakumbukira mmene munkandiuzira kuti, "Elube, usamayankhe uli chiimire, yamba wakhala pansi." Ndinayala mphasa, ndinakhala, ndinakonza nsalu m'mawondo. Ndinati, "Amalume, ine ndine mwana. Chimene ndikudziwa pa za mvula ndi chimene munatiuza inu pabwalo paja. Ngati chinasintha, mukanene ndinu." Anafuna kukalipa, koma anazindikira kuti m'nyumba muno mulibenso wowaopa kupatula mkamwini wanu, amene anali atathawira kudimba.

Anthu anabwera kwa amalume mawa lake dzuwa litakwera, amuna ndi nkhwangwa, amayi ndi ana kumbuyo. Ine ndinaima pambali pa nkhokwe ya amalume, mwana ali kumsana. A Lameki anatuluka atavala jekete, n'kuyamba nyimbo yawo ija yoti ichi n'cha azungu, chogula ku Blantyre. Anthu ena anayamba kutsitsa nkhwangwa. Pamenepo ndi pamene ndinayankhula. Ndinati, "A Nachisale, khasu lanu lija linasiya chipsera mbali ya kumanzere, pafupi ndi tcheni. Wina akwere akaone ngati azungu amagulitsa za zipsera." Mwamuna wina anakwera, anapala penti pa dainamo ndi mpeni, n'kutsika. Anangoyang'ana a Nachisale n'kugwedeza mutu kuvomereza kuti chipsera chilipo.

Amayi, ndikanakonda mukanaona nkhope ya mlongo wanu. Anatsala ndi njira ziwiri. Akati chimathamangitsa mvula, ndiye kuti iwo ndi amene akhala akuumitsa minda ya anthu mwadala, akudziwa, chifukwa cha nyimbo. Akati sichithamangitsa, ndiye kuti anapachika bodza pa munthu wosalakwa. Anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana wayilesi pakhonde, anayang'ana ine. Ine ndinali kugwedeza mwana.

"Sichigwira mvula," anatero, mawu ali pansipansi.

Ndinati, "Kumbuyoko sanamve, amalume."

Anakweza mawu. "Sichigwira mvula. Sichinagwirepo. Chimangotsata mphepo. Alamu anga sanalakwe kanthu, ine ndinkachifuna chinthuchi."

Amene anayamba kuyenda ndi a Nachisale. Anafika pafupi, pafupi kwambiri, mpaka amalume anabwerera m'mbuyo. Anafunsa mosakweza mawu, "Ndiye ine ndinkalavulira yani?" Anamasula chilundu chatsopano chimene amalume anawapendera m'mphepete, anatsala ndi chakale cham'kati, n'kuchiponya pamakina osokera. Atatero anabwera kwa ine, mayi wamkulu ngati uja, n'kugwada. Ndinawadzutsa msanga, poti mlandu wanga sunali ndi iwo.

Anthu anafuna kudulabe mtengo uja chifukwa cha mkwiyo, koma ndinawaletsa. Ndinati chinthuchi chili ndi mwini wake, ndipo amene anamuchotsa pano ndi amene akamutenge. Palibe anatsutsa. M'mawa mwake tinanyamuka awiri, ine ndi amalume, wapansi, kutsetsereka kupita ku Lisungwi. Iwo patsogolo, ine pambuyo ndi mwana. Mtima wanga unali mbee, ndinkaganiza kale za pamene ndidzawamangire abambo kanyumba, pafupi ndi manachesi anu.

Ndinali ndisanapiteko chitengereni pakati pa mwana uyu. Titafika kwa azakhali, anatilandira mozizira n'kutiuza kuti abambo sakhalanso pamenepo, tipite mudzi wa kutsidya. Tinawapeza pansi pa mtengo wa bwemba akusema mpini. Akalamba, Amayi. Tsitsi lonse layera, ndipo dzuwa lakuchigwa lawadetsa mpaka ndinayamba ndakayika. Anamutenga mwana, ndinawauza dzina, anamuyang'ana pachipumi n'kutembenukira kumbali.

A Lameki ananjuta pansi, anawomba m'manja, n'kunena zonse monga ananenera kumudzi, poti ndinali nditawauza kuti akadumpha liwu limodzi tibwerezanso. Abambo anamvetsera mpaka kumapeto. Mukudziwa chimene anafunsa? Anati, "Kodi mumathira mafuta m'tcheni?"

Ndinati, "Abambo, tabwera kudzakutengani. Mudzi wonse ukudziwa tsopano. Tiyeni kwanu."

Asanayankhe, m'nyumba munatuluka mayi wina ndi madzi m'chikho, anagwada n'kuwapatsa abambo poyamba, monga amachitira mkazi kwa mwamuna wake. Amayi, izi zikundilemera kukuuzani, koma simunandilere kuti ndizikubisirani. Abambo anakwatira. Ndi mayi wamasiye, wofatsa, ndipo sindinamupeze chifukwa ngakhale ndinachifunafuna. Kwa azakhali minda inali itagawidwa kale, munthu wobwera chimanjamanja chaka cha njala, ndi mbiri yoti anagwira mvula, analibe pogwira. Mayiyo ndi amene anawapatsa munda ndi pogona. Abambo anachita manyazi kunditumizira mawu.

Anati, "Elube mwana wanga, ndinasudzulidwa pamaso pa anthu. Akanabwera chaka chija ndikanathamanga, ngakhale usiku. Pano ndili pa dothi la eni ena, andisunga. Ndiwasiye bwanji?" Ndinalira ngati tsiku la maliro anu. Nditatonthola ndinati ndiye tibweretse chikupizo chawo konkuno. Anaseka pang'ono, kuseka kuja mumakudziwa, n'kuloza masamba a bwemba amene anali duu osagwedezeka. "Kuno kulibe mphepo. Chikabwera chidzangochita dzimbiri. Chisiye kumtunda, uzichithira mafuta."

Pobwerera mvula inatipeza tili pakati pa chitunda, yamphamvu, yoyamba yeniyeni chaka chino. Njira inasanduka matope. Amalume anaterereka kangapo, kamodzi anagwa chagada n'kutambasula dzanja kuti ndiwadzutse. Ndinawalambalala. Ndinkaganiza kuti akadzavomera pa anthu mtima wanga udzatsika, koma tsikulo ndinaona kuti anavomera chinthu chimene sichingabwezedwenso. Ndinalandidwa inu ndi abambo, wina ndi njala imene amalume sanaipange, wina ndi bodza limene analipanga ndi manja awo.

Chikupizo chili pakhomo pano tsopano. Amuna omwe aja anachidula chaka cha njala ndi amene anachinyamula, ndipo dzenje lakale tinalipeza kuseri kwa nkhokwe, litangomera udzu. Penti wofiira ndinamupala yense ndi mchenga. Bambo a ana, amene ndinkayesa amaopa ngakhale mthunzi wawo, ndi amene anakwera pamwamba kukamanga tcheni. Batire ndinawasiyira amalume dala, ife tinapeza lathu lakale kwa dalaivala wina wa lole. Wayilesi yawo ikafooka, batire liyenera kubwera kuno kudzadya moto. Poyamba anatuma akazi awo, ndinawabweza ndi ulemu wonse. Ndinati chikupizo cha abambo chimadziwa munthu mmodzi yekha kunyumba kumeneko. Tsopano amalisenza okha pamutu, pa nkhata, mwinimbumba wathunthu, kudutsa pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo, amayi ali pamitondo. Amafika, amatula, amaima pabwalo mpaka nditamaliza zimene ndikuchita. Amabwerabe, poti pakhonde pawo sipafikanso anthu, ndipo wayilesiyo ndi yokhayo imene imawayankhula.

Abusa anandiitana, ati ndikhululuke. Ndinawauza kuti ndamva. Mwina tsiku lina, koma osati chaka chino, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti ndikuyesa.

Musadandaule kuti ndiwataya. Ndi mlongo wanu, ndipo akutha msanga, chifuwa sichikuwasiya. Akadzagona ndidzawaphikira phala, ndidzawachapira, ndidzawasambitsa ngati kudzafunika, kuti asadzapezeke wonena kuti mwana wa uje analeka malume ake kufa ngati galu. Zonsezo ndikulonjeza, ndipo ndidzachita ndi manja awiri. Koma pondilipira ndikupempha chimodzi. Tsiku limene adzafike kumeneko, adzakufunafunani, adzakuitanani ndi dzina lanu la paubwana monga ankachitira akafuna kanthu. Musadzathamangire kukawayalira mphasa, Amayi, ndikukudziwani. Adzayambe aima padzuwa, ndipo mudzawafunse kumene anasiya amuna anu.

Ndimakukondani, ndipo ndikusowani tsiku lililonse.

Ine mwana wanu,
Elube